Mwala wa Kilogalamu Utanenepa

Ndinalota maloto awa m'bandakucha wa Lachitatu, pa 12 Febuluwale, nyengo yomwe tiyi amaphuka kwambiri ndipo fakitale yathu siipuma. Ndilemba monga ndinaonera. Pomwe sindikukumbuka bwino ndinena kuti sindikukumbuka.

Ntchito yanga ndi yoyeza zoyezera. Sikelo ya malole pageti, masikelo a masamba kumunda ndi mageji oonetsa mphamvu ya nthunzi m'boila, zonsezi zimadutsa m'manja mwanga anthu asanazikhulupirire. Ndimaziyeza ndi miyala. Timaitcha miyala ngakhale ili yachitsulo chosachita dzimbiri. Wolemekezeka pa yonse ndi wa kilogalamu imodzi, womwe umagona m'kabokosi koyalidwa nsalu yofewa. Sugwidwa ndi dzanja lopanda golovesi, chifukwa thukuta la chala limatsalira pachitsulo n'kuwonjezera kulemera.

M'malotomo unali m'mawa, dzuwa litakwera pamwamba pa mitengo ya bulugama. Ndinatsegula chitseko cha kachipinda kanga kogwiriramo ntchito ndipo ndinapeza munda wa tiyi uli m'katimo, mizere yake ikukwera phiri mpaka kudenga. Tebulo langa linali pakati pa mizere, kabokosi kali kotsegula. Amayi othyola tiyi anali atatula madengu awo, atakhala mozungulira, akupatsirana mwala wanga ndi manja awo enieni. Anali ataukulunga m'kansalu ka chitenje.

"Watuluka liti m'chikuta?" anandifunsa mayi Nachanza, omwe amatsogolera gululo.

"Si mwana ameneyo, mayi. Ndi mwala woyezera."

"Mwala wogona pansalu yofewa chonchi, inu eni ake mukugona pamphasa?" Onse anaseka. "Mwana wosagwidwa ndi anthu sakula, a Edina. Mwam'bisa nthawi yaitali. Taonani masaya ake."

Mwalawo unazungulira bwalo lonse usanandifike. Aliyense anauyangata pang'ono, kuunong'oneza kanthu, n'kupatsira mnzake. Kenaka ananyamula madengu, ndipo ndinaona kuti akuyenda mopepuka kuposa masiku onse. Mayi wina wachikulire, yemwe ndimam'dziwa kuti amatsimphina, anakwera mzere wake akuthamanga ngati mtsikana.

Ndinavala magolovesi n'kuunyamula. Dzanja langa limaidziwa kilogalamu monga lilime lidziwira mchere. Iyi sinali kilogalamu.

"Pepani," unatero mwalawo. Mawu ake anali aang'ono, aulemu, ngati a munthu wofika pamudzi pa eni. "Aliyense wandisiyira kanthu. Wina msana, wina mwana wake wa ku Joni yemwe sakuimbanso foni, wina tulo tomwe sanagone. Sindikanatha kukana. Ndilibe manja."

"Wawonjezera magalamu angati?"

"Sindidziwa. Mwala sudziyeza wokha."

Ndinaubwezera m'kabokosi n'kutuluka nawo. Pageti panali lole yodzaza nkhuni za bulugama, itaima pa sikelo. Sikelo inkanena matani asanu ndi awiri, pomwe ine ndinkaona ndi maso kuti ndi khumi. Loleyo inali itamvera sikelo. Matayala ake anali atasiyana ndi chitsulo, yonse ili lende m'malere ngati nsalu pachingwe, dalaivala atatulutsa mutu pawindo akufunsa ngati angathe kupita.

Apa ndinamvetsa zomwe zinali kuchitika. Chipangizo chilichonse chomwe ndinachiphunzitsa ndi mwala uwu chinali kuutsatirabe, monga ana atsatira kalankhulidwe ka kwawo. Mwala ukanenepa, zonse zoyezedwa nawo zimaoneka zochepa kuposa momwe zilili. Za lole sindinade nazo nkhawa. Ndinaganiza za geji ya boila.

Boila ya fakitale yathu amaiyang'anira ndi achimwene anga a Layisoni. Tinabadwa asanu, tinatsala awiri. Geji yawo ndinaiyeza ndekha: mwala umakhala pa kachitsulo kokankha mafuta, mafutawo amakankha muvi wa geji, ine n'kumakonza muviwo mpaka unene zoona. Valavu yotulutsa nthunzi ikachuluka nayonso inatcheredwa potengera geji yomweyo. M'mawa uliwonse achimwene amasonkhezera moto mpaka muvi ufike pa khumi, mabaa khumi m'kayezedwe kathu ka nthunzi. Mzere wofiira uli pa khumi ndi awiri. Kupitirira pamenepo boila yathu, yomwe ndi yakale, siilonjeza kanthu kwa munthu woima pakhomo pake.

Ndinawapeza ali pomwepo, ovololo yomanga m'chiuno, chikuni chili paphewa. Muvi unali pa sikisi.

"Achimwene, lekani kaye nkhuni. Geji ikunama."

"Yokhala ndi chidindo chanuchi?" Analoza ndi chibwano kawaya ndi kamtovu komwe ndimatsekera nako geji ndikamaliza kuiyeza.

"Mwala wanenepa."

"Ndiye ukudya bwino, si ngati enafe." Anaponya chikunicho m'moto. "Achemwali, masamba a dzulo onse akudikira nthunzi kuti aume. Ndikazimitsa moto chifukwa cha mwina, aola, ndipo amayi aja akhala atathyola pachabe. Ikunama ndi zingati?"

"Sindinadziwe."

"Bwerani ndi nambala. Boila siimva mphekesera."

Sanali kuchita mwano. Ntchito yawo ili choncho, ndipo ndikanakhala ine ndikanayankha chimodzimodzi. Anatembenuka kukatola chikuni china. Boilayo inkapuma pang'onopang'ono ngati ng'ombe yogona, mbali zake zikutukuka n'kubwerera.

"Tipite kwa mayi anga," unatero mwala uli m'kabokosi.

Mwala uliwonse woyezera uli ndi mayi ake, mwala wina wolondola kuposa iwo, womwe umayerekezedwa nawo kamodzi pachaka. Mayiwo ali ndi mayi awo, mzere n'kumapita choncho mpaka kutali komwe ine sindinafikeko. Ndili maso ulendowu ndi wa galimoto, wopita kumzinda. M'malotomo njira yake inali kuseri kwa makina oumitsira tiyi, pa kachitseko komwe sindinakaonepo. Ndinakakankha ndi phewa, ndipo kunja kwake kunali mtsinje.

Unali mtsinje wa tiyi wopanda mkaka, wofiirira, wotuluka nthunzi pang'ono, woyenda mopanda phokoso. Padooko panali bwato, ndipo m'bwatomo munakhala a Chikhwaza, omwe anandiphunzitsa ntchito iyi. Anamwalira mu Juni 2017. Anali atavala khoti lawo loyera, mabatani onse omanga, ndipo m'malo mwa nkhafi anagwira rula yachitsulo ya mita imodzi.

"Mtsikana iwe, mpaka lero ukupumirabe pamwala? Tembenuza nkhope."

Ndinatembenuza.

"Lowa. Khala pakati. Bokosi pamiyendo."

Bwato linatsikira m'madzi mpaka mlomo wake unatsala chala chimodzi. A Chikhwaza anayang'ana chalacho, anayang'ana kabokosi. Tinawoloka. Pansi pa madzi ndinkaona masikelo akale omwe fakitale inataya, atagona pamchenga, mivi yawo ikugwedezeka ndi mafunde, iliyonse ikunenabe kulemera kwa chinthu chomaliza chomwe inayeza. Kutalika kwa ulendowo sindikukumbuka.

Kutsidya kunali chipinda chopanda denga koma chopanda mphepo, chozizira bwino, madigiri makumi awiri. Ndinadziwa ndi khungu. Pakati pake panali sikelo ya mbale ziwiri, yaitali ngati munthu, ndipo pambali pake, pansi pa chivundikiro chagalasi, panakhala mayi ake a mwala wanga. Ankafanana nawo chilichonse, kungoti ankawala modekha. Kumbuyo kwawo kunali chitseko chagalasi, ndipo kudzera pamenepo ndinaona chipinda china chonga chomwechi, ndi china kuseri kwake, ndi chinanso, chilichonse chili ndi mwala wake, mpaka maso anga anatopa.

Ndinafuna kuuika pambale nthawi yomweyo. A Chikhwaza anandigwira ndi rula padzanja.

"Wachokera kumoto. Uyambe wazizira, ufanane ndi chipinda."

"Bambo, achimwene akuponya nkhuni."

"Ndawamva. Mwala wofunda umanama. Ukufuna kupita nalo bodza lachiwiri?"

Tinadikira. Kudikira kumeneko ndiye chinthu chachitali m'maloto onse. Patalipo, kutsidya, ndinkamva chikuni chilichonse chikugwera m'moto, ndipo chilichonse chinkamveka m'mano mwanga. Nkhungu yomwe inali pamwala inachepa, inachepa, kenaka inatha. A Chikhwaza anachotsa chivundikiro chagalasi.

"Mwana wanga," anatero mayi a mwala, "anthu akuchita chiyani iwe?"

"Andikonda, mayi."

"Ndaona. Kwera tikuone."

Mayi anakhala mbale ya kumanzere, mwana ya kumanja. Ya mwana inatsika mpaka pansi n'kugunda mofatsa. Pamenepo timiyala ting'onoting'ono ta magalamu tinatuluka m'mabowo a tebulo, tikuyenda tokha ngati tianapiye, n'kumakwera mbale ya mayi kamodzikamodzi. Ta magalamu zana tinakwera tinayi. Mbale zinatsala pang'ono kulingana. Kenaka kanabwera ka magalamu awiri, kakang'ono ngati njere ya mapira, kanakwera movutikira, ndipo muvi wa sikelo unaima pakati penipeni.

"Magalamu 402 owonjezera," anatero a Chikhwaza. "Werengera."

Ndinawerengera. Geji ikamati khumi, m'boila mukhala muli mabaa khumi ndi anayi.

"Ndiusuke," ndinatero. "Pali sipiriti pano? Ndiupukute ubwerere mwakale."

"Ayi," anatero mayi a mwala. "Mukausuka, zomwe anatula zibwerera kwa eni ake, ndipo zikawapeza ali pamwamba pa phiri ndi madengu kumsana. Mwala wogwidwa ndi anthu subwerera mwakale. Musausinthe. Ingonenani kulemera kwake kwenikweni. Geji ikamva idzikonza yokha, si yopusa, inangouzidwa molakwika."

Ndinapisa m'thumba kufuna cholembera. A Chikhwaza anapukusa mutu.

"Nambala yakuno siiwoloka papepala, madzi amaifufuta. Imawoloka m'kamwa. Yasamula."

Ndinayasamula. Anatola nambalayo pa muvi wa sikelo ndi kapani kawo n'kuiika pa lilime langa. Inali yozungulira, yozizira ngati matalala.

"Tseka. Ukatsegula usanafike pa geji, isungunuka, ndipo kuno sabwerako kawiri. Usayankhe munthu. Ndati munthu aliyense."

Tinawolokanso, kabokosi kali pamiyendo panga. Padooko ananditsitsa, anapukuta rula ndi mpango, n'kunena mokoma, "Upite bwino, Edina."

Mawu oti tsalani bwino anali atafika kale kukhosi. Ndinawameza. A Chikhwaza anagwedeza mutu kamodzi, monga ankachitira sikelo ikapambana mayeso, ndipo bwato linabwerera.

Kachitseko kaja sikanalinso pomwe ndinakasiya. Panali njira yokwera pakati pa tiyi. Kabokosi kanali kolemera tsopano moti ndinakagwira ndi manja awiri pamimba, ndipo ndinadziwa kuti ndikakatula pansi kalowa m'nthaka sindikatolanso. Amayi aja anali m'mizere mbali zonse ziwiri.

"Mwaswera, a Edina? Mwana ali bwanji?" anafuula mayi Nachanza.

Ndinaweramitsa mutu n'kupitirira.

"Iii, lero tasanduka zitsa. Tam'lerera mwana m'mawa womwe uno," anatero wina.

"Asiyeni, akusunga malovu. Ndi a mu ofesi."

"Kapena atafuna ulimbo."

Kuseka kwawo kunanditsata mpaka pamwamba pa chitunda. Zinandiwawa, koma pang'ono. Ndinkadziwa kuti amenewa ndingathe kuwapepesa mawa.

Kuseri kwa chitunda ndinayembekeza kuona chumuni cha fakitale. Chinalipo, chikufuka utsi wakuda, koma njira yopita kumeneko inadzera pabwalo la kwathu ku Thekerani. Mtengo wa mapeyala unali pomwe unali, ndi nkhokwe yopendama ija. Pakhonde panakhala mayi anga, lichero pamiyendo, akusenda nandolo wamuwisi.

Mayi anamwalira mu Okutobala 2019. Zaka zawo zomalizira anali ndi ng'ala m'maso onse awiri, ndipo anthu ankawadziwa ndi mawu okha. Munthu akagwada osalankhula, kwa iwo kunalibe munthu. Chitsikireni m'manda sindinawalotepo, ngakhale ndinkapempha. Aka kanali koyamba.

Njira inadutsa pafupi ndi khonde, moti ndikanatambasula dzanja ndikanawakhudza bondo. Manja anga onse anali pakabokosi.

Anasiya kusenda. Anapendeketsa mutu.

"Mayendedwe awa ndi a Edina. Amakoka phazi lamanzere akanyamula katundu." Anamwetulira, maso ali kumbali pang'ono, komwe ine kunalibe. "Wadzuka bwanji, mwana wanga?"

Ndinaima. Nambala inali pa lilime, yozizira, ndipo ndinamva m'mbali mwake mukuyamba kusalala.

"Edina? Wanenepa kapena wawonda? Lankhula ndikumve. Ine kuno ndili bwino, maso okhawa. Nandolo wacha chaka chino, ulawe."

Patsogolo, boila inapuma mpweya wautali, ndipo malata a nkhokwe ananjenjemera. Ndinaganiza zong'ung'udza ndi pakamwa potseka, kuti angomva kamvekedwe. Ndinayesa. Palibe chomwe chinatuluka, kuzizira kunali kutagwira kukhosi konse. Ndinaganiza kuti liwu limodzi lokha, mayi, ndi lalifupi, silingasungunule magalamu 402. Koma ndimaidziwa ntchito yanga. Nambala yosungunuka pang'ono ndi nambala ina.

"Layisoni ali bwanji? Akusutabe?" anafunsa. Anadikira. Nkhope yawo inasintha pang'onopang'ono, kumwetulira kuja kukubwerera m'kati. Anapapasa lichero n'kutola nandolo wina.

"Ndayesa ndi mwana wanga," anatero. "Pepani, alendo. Pitani bwino."

Ndinapita.

Muvi wa geji unali pa naini. Chipinda cha boila chinali chitatupa, makoma atapindikira kunja ngati mbiya, ndipo pamisomali ya boila pankatuluka timadontho ta thukuta tomwe tinkauma tisanagwe. Achimwene anali ndi chikuni chachikulu m'manja, chitseko cha moto chili chotsegula.

"Mwabwera nayo?"

Ndinawadutsa. Ndinakwera pa sitepe yachitsulo, ndinagunditsa milomo pagalasi la geji, n'kutsegula pakamwa. Nambala inalowa m'galasimo monga dontho lilowera m'nsalu.

 Geji inati, "Zikomo, sindinkadziwa," ndipo muvi unanyamuka. Unadutsa khumi, unadutsa khumi ndi chimodzi, unawoloka mzere wofiira, n'kukaima pa 12.6.

Achimwene anayang'ana. Sanafuule, sanathamange. Anatsitsa chikuni pansi mosamala ngati chingadzuke, anakwera pamwamba pa boila, anakulunga dzanja m'thumba la chiguduli n'kukoka chogwirira cha valavu. Nthunzi inatuluka ndi mkokomo womwe ndinaumva m'mapazi. Inadzaza chipinda, inatulukira pazenera, inakagona pamunda wonse ngati nkhungu ya m'mawa, ndipo inkanunkhira mvula yoyamba. Atatsika anatenga chitsulo chachitali n'kuyamba kupalasira makala kunja. Muvi unatsika pa khumi ndi awiri, pa khumi ndi chimodzi, pa khumi. Makoma anawongoka.

"Nditsitseni tsopano," unatero mwala. "Ndadziwika. Sindilowanso pansi."

Ndinautula pasimenti ndipo unakhala. Manja anga anakwera okha m'mwamba chifukwa chopepuka.

Achimwene anakhala pa chikuni chija, akupukuta nkhope. 

"Nambala yanu ndi yonenepa, achemwali," anatero. Kenaka anandiyang'anitsitsa. "Mwakumana ndi ndani panjira?"

"Mayi."

"Ali bwanji?"

"Sindinawayankhe."

Anaimirira. "Ndiye mukuchita chiyani pano? Moto ndauona ine. Thamangani, sachedwa kulowa m'nyumba dzuwa likawawa."

Ndinathamanga. Nthunzi inali paliponse, yoyera, yofunda, ndipo ndinkapapasa khoma kufuna chitseko chomwe ndinalowera. Ndinachipeza. Kuseri kwake ndinkamva nandolo akugwera m'lichero mmodzimmodzi, pafupi kwambiri. Ndinakonza mawu, ndinakankha chitseko.

Chinatsegukira kuchipinda kwanga. Ndinali chigonere, neti ili pamwamba panga, kunja kukuyera, ndipo kufakitale kunkamveka phokoso la masiku onse la boila yoyaka bwino. Lilime langa linali lozizirabe.

"Ndadzuka bwino, mayi," ndinatero mokweza. "Ndine Edina. Kaya inu?"

Ndipo ndinadikira, poti wofunsa moni sachoka asanayankhidwe.